Timadontho ta Georges Seurat: n'chifukwa chiyani buluu ndi chikasu zinakupatsani phulusa?

Funso: Ndikuphunzira kujambula ndi penti. Ndinaona pa foni chithunzi cha anthu akupumula m'mbali mwa mtsinje, chojambulidwa ndi Georges Seurat wa ku France, ndipo ndinawerenga kuti chonsecho ndi timadontho tokhatokha, mitundu yake imakasakanikirana m'maso mwa woonera. Ndinayesa kujambula udzu podontheza buluu ndi chikasu pa pepala loyera, poganiza kuti ndikaima patali uoneka wobiriwira. Unatuwa ngati phulusa. Munthuyu anali ndani, ankachita bwanji, nanga ine ndalakwitsa pati?

Yankho: Dzanja lanu silinalakwe. Chakusocheretsani ndi nkhani imene munawerengayo, yomwe anthu amaifupikitsa mpaka kuipotoza. Buluu ndi chikasu zimabala mtundu wobiriwira mukazisakaniza m'mbale, chifukwa penti iliyonse imameza gawo lina la kuwala. Yachikasu imameza kuwala kwa buluu, ya buluu imameza kofiira ndi kwa olenji, ndiye chotsala chobwerera m'maso mwanu n'chobiriwira. Timadontho tikangoyandikana osasakanizidwa, palibe kamene kamameza kuwala kwa kanzake. Kalikonse kamabweza kwake, diso n'kutenga zapakatikati, ndipo pakatikati pa kuwala kwachikasu ndi kwa buluu pali mtundu wotuwa. Dzionereni nokha: dulani katoni yozungulira ya masentimita 10, theka mupake buluu wa ultramarine, theka chikasu, boolani pakati, lowetsani pensulo, muipote ngati nguli. Chobiriwira simuchiona.

Seurat ankazidziwa zimenezi, chifukwa kuyesa mitundu ndi zozungulira zoterezi kunafotokozedwa m'buku la katswiri wa sayansi wa ku America, Ogden Rood, limene linatuluka mu 1879 n'kumasuliridwa m'Chifulenchi mu 1881, ndipo iye analiwerenga. Udzu wa pachithunzi munaonacho anaupaka ndi penti yobiriwira yeniyeni. Timadontho ta mitundu ina tinabwera pamwamba, ndipo ntchito yake inali ina.

Georges Seurat anabadwira ku Paris pa 2 Disembala 1859. Bambo ake anali atapeza bwino pa malonda a malo ndi nyumba, choncho mnyamatayo sankajambula kuti apeze chakudya. Mfundoyi si yaing'ono: munthu wodalira kugulitsa zithunzi sangathe zaka ziwiri pa chinsalu chimodzi. Mu 1878 analowa sukulu ya École des Beaux-Arts, pansi pa Henri Lehmann, wophunzira wa wojambula wotchuka Ingres, kumene ankaphunzitsa kujambula thupi la munthu mwadongosolo, poyang'ana ziboliboli zakale. Sanakhalitseko. Kumapeto kwa 1879 anapita ku usilikali ku Brest kwa chaka chimodzi, ndipo atabwerera ku Paris anathera pafupifupi zaka ziwiri akulimbikira kujambula ndi chakuda chokha.

Zaka ziwirizi n'zimene ophunzira ambiri amazidumpha, chonsecho chinsinsi chili pomwepo. Ankagwiritsa ntchito choko chakuda cha Conté pa pepala lokhakhala la Michallet, lokhala ndi timizere totumphuka. Chokocho chikamadutsa chimadetsa pamwamba pa timizere pokha, m'mipata mukutsalabe moyera, moti ngakhale pamalo akuda kwambiri pepala limaoneka ngati likuwala kuchokera mkati. Sankazunguliza chinthu ndi mzere. Munthu ankatulukira chifukwa mbali ina yadetsedwa, ina yasiyidwa. Njira imeneyi inamuphunzitsa kuyeza kuti malo aliwonse akhale owala kapena akuda motani, asanaganize n'komwe za mtundu. Chojambula choyamba chimene chionetsero chachikulu cha Salon chinamulandirira, mu 1883, chinali cha choko chomwechi: nkhope ya mnzake Edmond Aman-Jean.

Chinsalu chake chachikulu choyamba, Une baignade, Asnières, cha mamita 2 m'litali kupita m'mwamba ndi mamita 3 m'mbali, chili ndi anyamata akusamba ndi kuwothera dzuwa m'mbali mwa mtsinje wa Seine, chakumbuyo kukuoneka utsi wa mafakitale a ku Clichy. Salon ya 1884 inachikana. Chaka chomwecho iye ndi ojambula ena, kuphatikizapo Paul Signac, Odilon Redon ndi Albert Dubois-Pillet, anayambitsa bungwe la Société des Artistes Indépendants, lopanga zionetsero zopanda oweruza. Chithunzichi, chimene lero chili ku National Gallery ku London, si cha timadontho. Udzu wake anaupaka ndi tizikwapu ta burashi topingasana. Timadontho tochepa timene tilipo, monga ta olenji ndi buluu pa chipewa cha mnyamata amene ali m'madzi, anadzawonjezera patapita zaka.

Chimene munaona pa foni n'chachiwiri, Un dimanche après-midi à l'île de la Grande Jatte, kutanthauza Lamlungu masana pa chilumba cha Grande Jatte. Ndi chachikulu masentimita pafupifupi 207 kwa 308, ndipo muli anthu 48, mabwato asanu ndi atatu, agalu atatu ndi kapusi kamodzi komangidwa chingwe. Kapangidwe kake n'kodziwika bwino chifukwa akatswiri a ku Art Institute of Chicago, kumene chili, anachiunika ndi makina n'kupima penti yake.

Anayamba mu Meyi 1884. Ankapita ku chilumbako ndi timatabwa ta masentimita pafupifupi 16 kwa 25, tokwana m'bokosi la penti la m'manja, n'kujambulapo mwachangu kuwala, mithunzi ya mitengo ndi madzi. Kunyumba ankajambula munthu mmodzimmodzi ndi choko chakuda chija: mayi wa ambulera payekha, mwana payekha, pusi payekha kangapo konse. Zokonzekera zonse, zamatabwa, zapapepala ndi zapachinsalu, zinafika pafupifupi 60. Kenako anapaka chinsalu chachikulucho koyamba ndi zikwapu zazifupi, zopingasana pa udzu, zogona pa madzi, ndipo panthawiyi ankagwiritsabe ntchito mitundu ya dothi monga burnt sienna. Pofika Malichi 1885 chithunzi chinali chitatha, chonse chopakidwa, chopanda timadontho. Chionetsero chimene anakonzekera chinalephereka, iye n'kupita kunyanja ku Grandcamp m'nyengo yotentha. Atabwerako, kuyambira Okutobala 1885 mpaka Meyi 1886, ndi pamene anabwerera pa chinsalu chouma kale n'kuwazapo timadontho ndi tizikwapu ta mitundu yowala, akusinthanso maonekedwe a anthu ena. Ulendo wachitatu, cha m'ma 1888 ndi 1889, anawonjezera mkombero wa timadontho tofiira, ta olenji ndi ta buluu kuzungulira chithunzi chonse.

Ndiye timadontho ndi chovala chomaliza, osati thupi. Inu munadontheza pa pepala loyera. Apa mpamene panagona vuto lanu lachiwiri: pakati pa timadontho panatsala timipata toyera, diso linawerengeranso kuyerako, ndipo mtundu unasuluka kawiri.

Nanga timadontho ankaikiranji? Maganizo ake anawatenga kwa Michel-Eugène Chevreul, katswiri wa sayansi ya makemikolo amene ankayang'anira zonyika ulusi ku fakitale yowomba nsalu ya Gobelins. Owomba ankadandaula kuti ulusi wakuda ndi wosuluka. Chevreul atapima anapeza kuti ulusi unalibe vuto, koma mitundu yoyandikana nawo ndi imene inkasokoneza diso. Mu 1839 analemba lamulo lake: mitundu iwiri ikayandikana, uliwonse umakankhira unzake ku mtundu wotsutsana nawo. Chofiira chimaika kubiriwira pa chimene chayandikana nacho, buluu amaika olenji, chikasu chimaika pepo. Chowala chikayandikana ndi chakuda, chowalacho chimawaliratu, chakudacho n'kuderatu. Seurat anaphunzira zimenezi kudzera m'buku la Charles Blanc la 1867, komanso poyang'anitsitsa zojambula za Delacroix n'kumalemba zimene waona.

Pamenepo anaganiza zophwanya malo aliwonse m'zigawo zake. Wolemba za luso Félix Fénéon, amene mu 1886 anapatsa gulu la Seurat ndi anzake dzina loti néo-impressionnisme, anafotokoza za kagawo ka udzu wa pachithunzichi motere, ndikanena m'mawu anga: timadontho tambiri n'ta mtundu wa udzu weniweniwo, ta olenji tomwazikana tikuimira kuwala kwa dzuwa, ta pepo tikubwera monga wotsutsana ndi chobiriwira, ta buluu tikuchuluka m'malire a mthunzi ndi udzu wa padzuwa. Taonani kuti palibe pamene mitundu iwiri yotsutsana yaikidwa mofanana kuchuluka. Umodzi ndi mwini malo, inayo ndi alendo. Seurat mwini sankaikonda mbiri yoti ndi munthu wa timadontho. Njira yake ankaitcha chromo-luminarisme, ndipo Signac ankati divisionnisme, kugawa mitundu, chifukwa chachikulu kwa iwo chinali kugawako, osati kuzungulira kwa kadontho. Mukachiyang'ana pafupi chithunzicho, zikwapu zambiri si zozungulira n'komwe: zina n'zazitali, zimatsata thupi la mtengo kapena kupindika kwa diresi.

Mbale ya penti ya Seurat inasungidwa, ili ku Musée d'Orsay ku Paris. Mitundu 11 yandandalikidwa motsata utawaleza, kuyambira chikasu, olenji, chofiira, pepo, buluu mpaka chobiriwira. Pali mzere wa mitundu yosasakaniza, mzere wa mitundu yomweyo yothiridwa choyera, ndi mzere wa choyera chokha. Chakuda ndi mitundu ya dothi anazichotsa. Ankasakaniza ndithu, koma mtundu ndi mnansi wake pa utawaleza, kapena ndi choyera. Chikasu ndi chobiriwira, inde. Chofiira ndi chobiriwira m'mbale, ayi, chifukwa zimabala matope.

Mukafuna kuyesanso udzu wanu, yambani ndi thabwa kapena katoni yolimba ya masentimita 16 kwa 25 ngati iye, osati pepala lalikulu. Werengani nokha: timadontho ta mamilimita 3 todzaza pepala la A3 kamodzi kokha ndi pafupifupi 14,000, ndipo ngakhale mutadontheza kamodzi pa sekondi iliyonse osapumula, ndi maola pafupifupi anayi. Poyamba jambulani malowo papepala lina ndi makala kapena pensulo yofewa, mosiyanitsa magawo anayi kapena asanu kuchokera powala kufika pakuda. Kenako pakani thabwa lonse ndi burashi yaikulu, mitundu yeniyeni ya zinthuzo: padzuwa chobiriwira chopendekera ku chikasu, pamthunzi chobiriwira chopendekera ku buluu, osasiya poyera. Lisiyeni liume ndithu. Penti ya akiliriki imauma pasanathe ola, yamafuta ipatseni masiku angapo, apo ayi kadontho kalikonse kadzatola penti yapansi n'kudetsedwa.

Likauma, tengani burashi yozungulira ya nambala 2 kapena 3, mtundu uliwonse burashi yakeyake ngati mungathe. Padzuwa, mwa timadontho khumi tilitonse, tisanu ndi timodzi kapena tisanu ndi tiwiri tikhale tobiriwira tamitundumitundu, tiwiri tachikasu kapena ta olenji wothiridwa choyera, kamodzi ka pinki kapena pepo wowala. Pamthunzi chobiriwira chichulukebe, koma malo a chikasu atenge buluu ndi pepo, olenji akhale wa apo ndi apo. Manambalawa ndi poyambira chabe, si lamulo la Seurat, muziwasintha poyang'ana. Malizani mtundu umodzi pa thabwa lonse musanatenge wina, ndipo mukatha mtundu uliwonse bwererani m'mbuyo masitepe atatu kapena anayi muone.

Cholakwika chimene chimavuta kuchizindikira ndi kusiyana kwa kuwala pakati pa timadontho toyandikana. Chikasu n'chowala mwachibadwa, ultramarine ndi wakuda. Mukaziika pamodzi mmene zatulukira m'chubu, diso limaziona ngati mawanga a nkhanga, sizigwirizana ngakhale mutaima patali. Mitundu imalowana msanga ngati ikufanana kuwala. N'chifukwa chake Seurat anali ndi mzere wonse wa mitundu yothiridwa choyera: buluu wopita padzuwa amayenera kuyeretsedwa mpaka afanane kuwala ndi chobiriwira chimene akukakhala nacho. Njira yoyesera n'njosavuta. Jambulani ntchito yanu ndi foni, muisandutse yakuda ndi yoyera. Kadontho kalikonse kamene kakuonekabe pakokha pamalo amene mumafuna akhale osalala, kasiyana kuwala ndi anzake. Pa akiliriki kumbukiraninso kuti imadera pang'ono ikauma, choncho muisakanize yowalirapo kuposa mmene mukufunira.

Palinso nkhani ya m'malire. Yang'anani pamene diresi yakuda ya mayi wa ambulera ikukumana ndi udzu: udzuwo wawalitsidwa pafupi ndi diresi. Pamene chinthu chowala chikukumana ndi malo akuda, mdimawo wakuzidwa. Seurat ankajambula dala chimene diso limachita lokha malinga ndi lamulo la Chevreul, ndipo n'chimene chimachititsa anthu a pachithunzicho kuima njo ngati ziboliboli popanda mzere wowazunguliza. Kachigawo kowalitsidwako kakhale kopapatiza ndipo kazizimiririka pang'onopang'ono. Kakakula kapena kukhala ndi malire akeake, munthu amaoneka ngati wadulidwa ndi sizasi n'kumatidwa.

Za mtunda, diso labwino limasiya kusiyanitsa tinthu tiwiri pa mtunda woposa kukula kwake pafupifupi maulendo 3,400. Kadontho ka milimita imodzi kamasowa pa mamita atatu ndi theka, ka mamilimita 3 pa mamita khumi. M'chipinda cha chionetsero anthu saima patali choncho, kotero timadontho ta Seurat sitisungunukiratu. Kwa ine apa mpamene pali ubwino wake weniweni. Diso limakhala pakati, likuona mtundu umodzi komanso likumva kuti ndi yambiri, ndipo chithunzi chimanyezimira ngati mpweya wa masana otentha. Chimene iye ankayembekeza, choti mitundu yogawidwa idzawala kuposa yosakaniza m'mbale, sichinachitike mokwanira, ndipo sichikanatheka. Sikirini ya foni yanu imatulutsa kuwala, ndiye timadontho take tofiira, tobiriwira ndi ta buluu timaphatikizana n'kuwala kwambiri. Penti imangobweza kuwala kumene yalandira, choncho zapakatikati pa timadontho sizingawale kuposa kowala kwambiri mwa ito. Ambiri amene amaona Grande Jatte maso ndi maso amadabwa kuti n'chofatsa mtundu, chokhala ngati chakutidwa ndi kafumbi.

Gawo lina la kufatsako si la Seurat, ndi ngozi ya penti. Pa ulendo wachiwiri uja anagwiritsa ntchito chikasu chotchedwa zinc yellow, chowala ngati ndimu chikakhala chatsopano. Chromium wa m'penti imeneyi amasintha akakumana ndi kuwala ndi mpweya, ndipo m'zaka zochepa chabe timadontho tachikasu tinasanduka tabulauni, tobiriwira tosakanizidwa nacho tinadera, ta olenji tinafiirira ngati njerwa. Fénéon anali atadandaula kale za kuzimirira kumeneku mu 1892. Lero pa udzu wa padzuwa pali timadontho takuda pamalo amene panayenera kukhala powala kwambiri. Mu 2004 a ku Chicago, mothandizana ndi Roy Berns wa ku Rochester Institute of Technology, anakonza pa kompyuta chithunzi chosonyeza mmene chinalili poyamba. Phunziro lake kwa inu ndi la pachubu: yang'anani chizindikiro cha kupirira kuwala, ndipo penti yosalembedwa kanthu muiyese popaka timizere papepala, theka muphimbe, muliike pawindo milungu ingapo.

Chithunzichi chinaonetsedwa mu Meyi 1886 pa chionetsero chachisanu ndi chitatu, chomaliza, cha gulu la Impressionist. Camille Pissarro, wamkulu kwa Seurat ndi zaka pafupifupi 30, ndi amene anaumirira kuti Seurat ndi Signac alowe, ndipo iye mwini anali atayamba kudontheza. Monet, Renoir ndi Sisley sanabweretse zawo chaka chimenecho. Anthu ambiri anaseka, makamaka pusi ndi kuuma kwa anthu ojambulidwawo, koma ojambula achinyamata anaona njira yatsopano: kutenga kuwala kwa a Impressionist, amene ankathamangira kugwira kamphindi kamodzi, n'kukumanga mwadongosolo kuti kukhale chikhalire.

Zaka zisanu zimene zinamutsalira anazigawa mofanana pafupifupi chaka chilichonse. M'nyengo yozizira ankakhala m'chipinda chojambuliramo ndi chinsalu chimodzi chachikulu, m'nyengo yotentha ankapita kugombe la kumpoto kwa France: Honfleur mu 1886, Port-en-Bessin mu 1888, Le Crotoy mu 1889, Gravelines mu 1890. Zithunzi za madoko zimenezi, zopanda anthu kapena za anthu ochepa, ndi pamene njira yake imakhala bwino koposa, ndipo wophunzira angapindule nazo kuposa Grande Jatte chifukwa mitundu yake n'njoyandikana kuwala. Pa zinsalu zazikulu, Les Poseuses, chithunzi cha akazi atatu osavala, chili ndi timadontho tating'ono kwambiri, poyankha amene ankati njirayi singajambule khungu la munthu. Parade de cirque ndi ya usiku, pa kuwala kwa nyale za gasi. Mu Le Chahut ndi Le Cirque anatsata maganizo a katswiri wa sayansi Charles Henry oti mizere ili ndi mphamvu pa mtima. M'kalata ya mu Ogasiti 1890 yopita kwa wolemba Maurice Beaubourg, Seurat analemba kuti chisangalalo chimabwera ndi kuwala, mitundu yofunda ndi mizere yokwera, bata limabwera zonse zikalingana ndi mizere yogona, chisoni ndi mdima, mitundu yozizira ndi mizere yotsika. Mu Le Chahut miyendo ya ovina, ndevu, milomo ndi maliboni a nsapato zonse zaloza m'mwamba. Kunena zoona, pamenepa lamulo layamba kuonekera kuposa chithunzi.

Anali munthu wosayankhulayankhula, wansanje ndi njira yake, wodandaula kuti ena akumulanda ulemu woiyambitsa. Ngakhale za mkazi amene ankakhala naye, Madeleine Knobloch, ndi mwana wawo wobadwa mu Febuluwale 1890, anabisira banja lake mpaka masiku ake omaliza. Madeleine ndi amene ali mu Jeune femme se poudrant, chithunzi chimene chili ku Courtauld Gallery ku London, ndipo makina anaonetsa kuti pansi pa maluwa a pakhoma m'chithunzicho pali nkhope ya Seurat mwini imene anaifuta. Mu Malichi 1891, Le Cirque ili pa chionetsero cha Indépendants isanathe n'komwe, anadwala masiku ochepa n'kumwalira pa 29 Malichi kunyumba kwa amayi ake, ali ndi zaka 31. Mwanayo anamutsatira patangopita milungu iwiri.

Pissarro anali atasiya kale kudontheza cha m'ma 1890, akuti kunkamuchedwetsa ndi kumupha dzanja. Amene anapindula kwambiri ndi amene anatengako kugawa mitundu n'kutaya kadontho kakang'ono. Van Gogh, amene anakacheza kwa Seurat mu Febuluwale 1888 atatsala pang'ono kunyamuka kupita ku Arles, anatalikitsa timadontho kukhala zikwapu zoyenda. Ku Brussels, kumene gulu la ojambula la Les XX linaonetsa Grande Jatte mu 1887, Théo van Rysselberghe anaitengera njirayi ku zithunzi za nkhope. Signac ndi Henri-Edmond Cross anakuza zikwapu kukhala timabokosi tooneka patali, osafunanso kuti tisungunuke m'maso, ndipo Signac anafalitsa chiphunzitsochi m'buku lake la 1899. Matisse atakhala ndi Signac ku Saint-Tropez mu 1904 anajambula Luxe, calme et volupté mwa njira imeneyi, ndipo chaka chotsatira mitundu yosasakanizayo inamasuka kukhala kajambulidwe ka mitundu yoyaka kotchedwa Fauvism. Dzina loti Post-Impressionist, limene limaphatikiza Seurat ndi Cézanne, Gauguin ndi Van Gogh, anadzalipeka Roger Fry ku London mu 1910, onse anayi atamwalira kale.

Grande Jatte inagulidwa ndi Frederic Clay Bartlett ndi mkazi wake Helen mu 1924, n'kuperekedwa ku Art Institute of Chicago mu 1926. Mu 1958 inabwerekedwa ku Museum of Modern Art ku New York, nyumbayo inagwira moto, chithunzi chinapulumuka, ndipo kuyambira pamenepo sichinachokenso ku Chicago. Webusayiti ya Art Institute ili ndi chithunzi chake chimene mungachikuze mpaka kuona zikwapu za burashi. Kuzani pa udzu wa kutsogolo, pamalire a mthunzi ndi dzuwa, ndipo pansi pa timadontho mudzaona zikwapu zobiriwira zopingasana za mu 1884.